Nsanja Yobwereka

Magetsi abwera folo koloko m'bandakucha kuno ku Matawale.
Ndadzuka nawo, bulangete paphewa,
bando ya usiku yatsala ndi ola limodzi kuti ithe.
Amayi a ku Chawe ogulitsa masitiroberi
akufuna tsamba lawo pa intaneti lisanafike Lachisanu.
Abiti Twaibu andipatsa kale theka la ndalama,
zomanga ndi labala, zonunkhira zipatso.

Ndalemba mzere umodzi. Ndadina.
Nyumba yayamba kudzimanga yokha:
zipinda, makomo, mawindo opanda makatani,
malemba akutsika pagalasi ngati linthumbu losamuka.
Tiyi asanazizire, makina andiuza mwaulemu
kuti mapaketi chikwi ndi mazana anayi alowa.
Ine ndinaitana atatu.

Enawa ndi ayani?
Woitanidwa wabwera ndi mlamu wake,
mlamuyo ndi mnzake wa kupulayimale,
mnzakeyo ndi munthu amene anangokhala naye mpando umodzi
m'minibasi yochokera ku Limbe.
Onse akhala pabalaza panga osavula nsapato,
ndipo aliyense waona pamene ndimakoleka makiyi.

Bambo anga anali mmisiri.
Ena mwa makoma a ku Kalimbuka akudziwa manja awo.
Asanakwere nsanja ya mabulugamu
ankagwedeza mtengo uliwonse,
kuugogoda ndi hamala, n'kutchera khutu.
Chiswe, ankatero, khungwa chimalisiya lokongola.
Kamodzi kokha anabwereka nsanja kwa mnzawo,
mitambo itadetsa phiri, simenti atakanda kale.
Sanagogode.
Mpaka lero bondo lawo lamanzere limalosera mvula.

Ndimamuganizira munthu wina, kwinakwake kozizira,
amene wasamalira kachidutswa kamodzi ka nsanja yangayi
zaka zisanu ndi zinayi, kwaulere,
usiku ana atagona, wopanda womuuza zikomo.
Watopa. Pabwera mlendo waulemu:
pumulani achimwene, ndikulandireni.
Alandiradi. Miyezi khumi akusesa, akuzira,
akuyankha makalata onse odandaula,
mpaka apatsidwa kiyi wa chitseko chakumbuyo.
Ndiye Lachiwiri lina losadziwika bwino
asiya mizere itatu pansi pa mphasa.
Chakudza sichiimba ng'oma.
Chimafika chitalembedwa kuti "takonza zolakwika zing'onozing'ono."

Nanga nditani, ndileke kumwa?
Madzi a pampopi wanga amachokera ku Mulunguzi,
sindinawaperekezepo ngakhale tsiku limodzi.
Amadutsa m'mapaipi oikidwa ndisanabadwe
ndi anthu amene mayina awo anadyedwa ndi dzimbiri,
ndimangotsegula, n'kutunga, n'kupatsa mwana.
Popanda anthu osawadziwawa
ndikanakhala ndikuumbabe njerwa yoyamba.
Ngongole yanga kwa iwo ndi yaikulu kuposa mantha anga,
koma mantha nawo alipo, akhala pampando womwewu.

Patsambalo padzakhala manambala a foni a amayi makumi awiri ndi atatu,
ndalama za yunifolomu, za feteleza,
za bokosi la malemu amuna a Nasibeko limene sanamalize kulipira.

Ndatsegula mndandanda. Ndayamba pamwamba.
Paketi ya khumi ndi chimodzi ili ndi dzina lodziwika,
koma zilembo ziwiri zasinthana malo
ngati nsapato za mwana wovala yekha.
Inabadwa sabata yatha. Mwini wake alibe nkhope.
Mwina ndi chala changa chinaterereka, mwina cha wina.
Ndaichotsa. Zotsalazo ndazikhomera pamene zili,
kuti mawa zisadzuke zitasintha mtima ine ndili mtulo.
Zatsala chikwi ndi mazana atatu ndi zina
zimene sindidzaziwerenga mpaka imfa.

Magetsi azima. Chifunga chikuvundukula phiri pang'onopang'ono.
Foni yalira, ndi Abiti Twaibu:
"Latha tsamba lija?"
Ndati ndikugogoda kaye mitengo.
Akhala chete, kumbuyo kwawo njinga yamoto ikukwera chitunda.
"Gogodani," atero, "koma sitiroberi sadikira."